Mizere ya Choko

Kuno ku Ivalo dzuwa linatsanzika sabata yatha,
lidzabwera Januwale ali mkati.
Wotchi ikuti masana, kunja kuli bii,
ndipo vani ya bambo yafa diso la kumanzere.

Ndi yomwe ija yoyera,
inatinyamula ana anayi, galu, ndi makina osokera a mayi,
inapita ku Oulu kasanu ndi kawiri chaka cha chipatala chija.
Chitseko cha m'mbali sichimva dzanja,
chimafuna phewa.

Gwira tochi, Sirkka.
Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu,
ndimaphunzitsa masamu ana a eni,
koma m'galaja la a Veikko ndine wogwira tochi basi.
Osati pankhope panga, apa, kuseri kwa batire.

Avula magolovesi ndi mano.
Dzanja lalowa m'mphako mosaoneka kanthu,
likupapasa ngati munthu wofuna machesi usiku.
Chivundikiro cha labala chauma gwa ndi chisanu,
kawaya kogwira babu kadyedwa ndi dzimbiri,
kakukana, kakukana, kenako thapu!
Pachala chawo patuluka kadontho ka magazi,
apukutira pathalauza, nkhani yathera pomwepo.

Babu lakale lili m'chikhatho changa,
lofukira mkati ngati botolo la nyali ya palafini.
Ndikaligwedeza, kachingwe koduka kakulira pang'ono.

Latsopanolo usaligwire pagalasi, akutero,
thukuta la chala chimodzi limalipha msanga.
Ndipo tisintha onse awiri.
Ndikuti, la kumanja likuyaka bwinobwino.
Akuti, analowa tsiku limodzi amenewa.
Likapita lina, linzake silichedwa.
Sanandiyang'ane.
Mpando wa mayi ukadali wokankhidwira kutsogolo,
mmene anausiyira, poti miyendo inali yaifupi.

Magalasi a nyalizo achita chikasu ngati mano a wosuta.
Tikuwatikita ndi mankhwala otsukira mkamwa ndi sokosi yakale,
galaja lonse fungo la m'mawa.
Akuwala, koma osati kwenikweni.
Mwezi watha dokotala ku Sodankylä
anawauza za ng'ala m'maso onse awiri,
nati usiku chiwongolero azisiyira ena.
Kuno usiku wake ndi wa miyezi.
Pepalalo lili m'kabati ya vani, pansi pa mafyuzi.

Tsopano tatsekula zitseko za galaja,
tabwerera chambuyo mapazi makumi awiri pachipale chofewa,
nyali zaloza khoma.
Pakhomapo pali mizere ya choko,
uliwonse ndi chaka chake m'zilembo zawo zopendekera.
Wakale uli pamwamba.
Enawo akutsika, chala chimodzi, zala ziwiri,
mmene masipuling'i akhala akutopera.

Pamsewu wa ku Inari nyama za nyanga zimaima pakati
kunyambita mchere, sizithawa hutala,
choncho ine ndikufuna kuwala kufike kutali.
Iwo akupotokola sikuluwu kuti kutsike.
Wobwera kutsogoloyo nayenso ali ndi kwawo, akutero,
ukamuthobwa m'maso mugwera dzenje limodzi.

Aima pakhoma, choko m'manja,
mpweya ukutuluka mkamwa ngati utsi.
Akufunafuna pamene kuwala kwathera,
pamene mdima wayambira.
Ine ndikupaona bwino, mzere woongoka ngati wa rula.
Dzanja lawo likuyendayenda m'mwamba, m'munsi.

Ndazimitsa tochi, ndatsika.
Apa, bambo.
Andipatsa chokocho, chofunda ndi dzanja lawo.
Lemba bwino, manambala ako aja amaoneka ngati mbedza.

Ndalemba.
Iwo azungulira kutsogolo kwa vani,
mthunzi wawo wadzaza khoma lonse, kenako wachoka.
Atsekula chitseko cha mbali inayo,
akhala pampando wa mayi, mawondo agunda kutsogolo,
koma sanaukankhe.
Tiye tikaone ngati zikuyaka, akutero.
Makiyi ali momwemo.